Abishopu Gasaidi ndi Moto wa Mayi Kachale

Abishopu Gasaidi anamwalira Lachiwiri masana, ali pakati pa mkangano ndi Mayi Kachale. Mayiwo ndi amene anandiimbira foni. Ndinali kuntchito, pawindo logawira mankhwala kuchipatala, ndipo mawu awo oyamba sanali oti pepani kapena kwagwa zovuta.

"Bambo Mbewe, agogo anu aja athawa."

"Athawa? Munthu wa pa wilutcheya?"

"Athawa mkangano. Ndimawauza kuti moto wa ku Gehena ndi moto weniweni, wootcha. Iwo akuti, 'Mayi, ndipatseni kaye tiyi kuti ndikuyankheni bwino.' Ndapita kukatenga tiyi. Pobwera ndapeza apita. Tiyi ali m'manjamu."

Atatero anayamba kulira, ndipo analira nthawi yaitali, ine nditagwira foni kukhutu, mzere wa odwala ukundiyang'ana.

Dzina lawo lenileni linali Edwin Garside, koma linatikanika pakamwa, choncho kwa ife anali a Gasaidi. Anali mzungu wa konkuno kumpoto kwa England, mwana wa munthu wokumba malasha, wamtali, wowerama pang'ono, wa makutu aakulu oti dzuwa likawomba kumbuyo ankafiira ngati tomato. Anagwira ntchito ya ubishopu wothandizira mumpingo wa Angilikani cha ku Liverpool, ndipo atapuma anadzakhala kuno ku Wakefield. Odziwa za mpingo amati akanakwera patali pakanapanda pakamwa pawo. Analemba mabuku angapo a zaumulungu. Limodzi anandipatsa. Nditawauza chilungamo kuti ndinagona ndisanamalize mutu woyamba, anasangalala kwambiri, nati malemu akazi awo ankasunga buku lomwelo pafupi ndi bedi pa chifukwa chomwecho.

Chichewa anachiphunzira ali mnyamata, ambiri a ife tisanabadwe, pamene ankaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale m'boma la Nkhotakota. Vuto linali loti aphunzitsi awo anali awiri osiyana: buku la mapemphero ndi anyamata a m'hositelo. Zichewa ziwirizi zinasakanikirana m'mutu mwawo ndipo sizinalekanenso. Amalawi ndi anzathu a ku Zambia timakumana Lamulungu loyamba la mwezi, masana, mu holo ya tchalitchi china cha Angilikani, aliyense ndi mpingo wake wa kumudzi. Tsiku loyamba limene anabwera, wansembe wa patchalitchipo atawatsina khutu kuti kuli anthu akwawo, anaimirira kutsogolo, natambasula manja, nanena ndi mawu amphamvu:

"Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, aise!"

Tonse tinagwetsa maso pansi. Kenako mayi wina kumbuyo anaphulika kuseka, ndipo holo yonse inamutsatira. Titaweruka ndinawakokera pambali n'kuwafotokozera mwaulemu kuti mawu amenewo ndi a anyamata pamsika, si a paguwa. Anandimvetsera bwino, anandithokoza, ndipo anapitiriza kuwanena mpaka imfa. Ankati ngati anthu opemphera pamodzi sangaitanane aise, ndiye kuti akungotaya Lamulungu.

Kwina ulemu wawo unkapyola muyezo. Mphaka wa oyandikana nawo akakwera patebulo ankamuuza kuti, "Pepani bambo, tsikani." Ana athu obadwira kuno, amene amamva Chichewa koma amayankha m'Chingelezi, ankavutika nawo kwambiri. Mwana akawayankha m'Chingelezi, ankaika dzanja kukhutu n'kunena, "Sindimva Chizungu ine." Ana ankapsa mtima, kupondaponda pansi, kuwauza kuti iwo ndi mzungu weniweni. Iwo phee. Mwana akafuna bisiketi ya m'thumba la jekete lawo ankayenera kuipempha m'Chichewa. Ana ambiri a ku Wakefield amene lero amatha kupereka moni kwa agogo awo pafoni anaphunzira chifukwa cha mabisiketi ophwanyikaphwanyika amenewo.

Zovala zaubishopu sankazikonda. Chipewa chachitali chija ankati chinapangidwa n'cholinga choti munthu asamalowe pakhomo la anthu wamba. Ndodo yaubusa yopindika kumutu ija ankakolera nayo maapozi mumtengo wa kuseri kwa nyumba, ndiponso kutsitsira mpira wa ana ukakodwa padenga la holo.

Koma chimene chinkatisowetsa mtendere sichinali zimenezi. Anali mawu amodzi amene sitinazolowere kuwamva kwa munthu wovala kolala yaubusa: sindikudziwa. Kwathu m'busa amadziwa. Amadziwa tsiku limene dziko linalengedwa, amadziwa amene anakulodza, amadziwa kumene wakufa wapita. A Gasaidi, munthu amene anaphunzitsa ansembe ambirimbiri, ankanena "sindikudziwa" mosangalala ngati akukupatsa mphatso. Kamtsikana kena kanawafunsa ngati zinachitikadi kuti munthu anamezedwa ndi chinsomba n'kutulukamo wamoyo.

"Sindikudziwa, mayi," anatero. "Nsomba zimene ndinaona ku Nkhotakota sizikanatha kumeza ngakhale nsapato yanga. Koma ndikudziwa anthu ambiri amene anathawa ntchito imene Mulungu anawatuma, n'kukathera pamalo amdima, onunkha. Ine ndinakathera kumisonkhano ya mabishopu."

Ankaphunzitsa kuti Malemba analembedwa ndi anthu amene anakumana ndi Mulungu n'kusowa mawu okwanira, choncho tiziwawerenga ngati mmene timamvetsera nkhani ya munthu amene wapulumuka pangozi: osamufunsa mtundu wa malaya a dalaivala, koma kumva chimene chamuchitikira. Ankati munthu wokayika ndi munthu amene nkhani ya Mulungu ikumupwetekabe, ndipo amene ankawaopsa ndi uja amene sanakayikepo, chifukwa ameneyo ndiye amanyamula miyala msanga. Pa za mgonero ankati tebulo si lawo, iwo ndi woperekera chakudya chabe, ndipo woperekera chakudya safunsa alendo ziphaso zaukwati. Ankapereka kwa osudzulidwa, kwa a mitala, ngakhale kwa azibambo awiri a ku Leeds amene tonse tinkadziwa kuti amakhala nyumba imodzi osati chifukwa cha kukwera kwa lendi. Ansembe aakazi anawamenyera nkhondo nthawi imene kuchita zimenezo kunali kudziputira adani. Nyuzipepala ina inawatchulapo bishopu wosakhulupirira. Nkhaniyo anaidula n'kuipachika m'chimbudzi, kuti alendo azikhala ndi chowerenga.

Pa za Gehena ankati mwina aliko, pakuti Mulungu sakakamiza munthu kulowa m'nyumba. Koma ankakayikira zoti muli anthu, chifukwa Mulungu ndi wamakani kuposa ife ndipo nthawi ali nayo yambiri.

Apa ndi pamene anakumana ndi Mayi Kachale.

Mayi Kachale ndi a ku Dedza, aafupi, a mawu oti akayamba nyimbo mawindo amanjenjemera. Amagwira ntchito m'nyumba yosungirako okalamba, ndipo ndi mtsogoleri wa amayi pagulu lathu. Mpingo wawo weniweni unali ku Salford, kwa abusa ena a moto amene amapempheretsa m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya matayala, koma Lamulungu loyamba la mwezi ankabwera kwa ife, ati kudzateteza nkhosa. Atamva koyamba a Gasaidi akunena za Gehena wopanda anthu, anaimirira pakati pa ulaliki.

"Abishopu, pepani. Ndiye ife tikuvutikiranji?"

"Mukuvutika, mayi?"

"Kusala kudya, kudzuka m'mamawa, kusiya zokoma zonse. Ngati zidakwa ndi mahule akalowa nafe limodzi, phindu lathu n'chiyani?"

"Phindu lanu n'loti mwafika msanga, mwakhala pafupi ndi chakudya."

"Si yankho limenelo."

"Si yankho ndithu. Tikambiranenso mwezi wamawa."

Anakambirana mwezi wotsatira, ndi wotsatirawo, zaka ndi zaka. Mayi Kachale anawasalira kudya kuti atembenuke. Abishopu atamva anawatumizira keke yoti adye pomasula. Tsiku lina mayiwo anafika msanga ku holo n'kudzoza mpando wa Abishopu ndi mafuta opemphereredwa ochokera ku Salford, ndipo dzanja linalemera. A Gasaidi anakhalapo ndi thalauza lotuwa. Poimirira kuti adalitse anthu, anagwira kumbuyo, anayang'ana dzanja, anayang'ana Mayi Kachale, amene anali atatseka maso mwa pemphero lakuya.

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero. "Pamutu anandidzoza mabishopu anzanga. Koma kumunsi kuno n'koyamba."

Sindikufuna kuwapanga mngelo. Ankakonda mkangano monga ena amakondera mowa, ndipo nthawi zina sankaona kuti mnzawo sakusewera. Mtsikana wina anaimirira kupereka umboni kuti Mulungu wamupatsa viza atapemphera usana ndi usiku. Tonse tinaomba m'manja, amayi analuluta. Abishopu anakweza chala n'kufunsa ngati Mulungu samukonda mnzake uja amene anapempheranso koma anakanizidwa n'kubwerera ku Lilongwe. Holo inazizira. Mtsikanayo anatuluka akulira ndipo kwa miyezi sanabwerenso. Ndinawatenga Abishopu pagalimoto kupita kwawo kwa mtsikanayo kukapepesa. Anaimirira pakhomo, chipewa m'manja, nati anachita zamwano, tsikulo linali lachimwemwe chake ndipo iwo analiipitsa. Mtsikanayo anawakhululukira. Tikubwerera anandiuza kuti apepesera nthawi imene anafunsira, koma funsolo sanalibweze. Ankati Mulungu amene amagawa maviza kwa opemphera mokweza ndi kalaliki wa boma chabe, ndipo iwo sanapereke moyo wawo kwa kalaliki.

Miyendo itawakana, mwana wawo wamkazi anawapezera malo m'nyumba yosungirako okalamba, ndipo inali nyumba yomweyo imene Mayi Kachale amagwirako ntchito. Abishopu ankati imeneyi ndi mfundo yamphamvu kuposa zonse zimene anamvapo yosonyeza kuti chilango cha Mulungu chilipo. Mayiwo anapempha okha kuti aziikidwa mbali imene kunali chipinda chawo. Ankawasambitsa, kuwaveka, kuwameta ndevu. Ndinawapeza tsiku lina nkhope ili thovu lokhalokha, mutu uli chagada, Mayi Kachale atagwira lumo pakhosi.

"Nenani kuti moto ulipo."

"Ulipo, mayi."

"Wootcha."

"Wootcha kwambiri."

Atamaliza kuwapukuta, Abishopu ananditsinzinira diso, nati mbiri yonse ya mpingo ndi yomweyi: munthu amene lumo lili pakhosi pake amavomera chiphunzitso chilichonse. Mayi Kachale anawamenya ndi thaulo paphewa n'kuwapesa tsitsi mosamala ngati mwana wopita kusukulu.

Wina angadabwe kuti mayi ameneyu ankasamaliranji chotero munthu amene ankamutcha mphunzitsi wonama. Kuti zimveke ndiyenera kubwerera kumbuyo, kwa malemu amuna awo.

Pagulu lathu pali azibambo amene ntchito yawo ndi kubweretsa akazi ndi ana kumapemphero. Amaimika galimoto pabwalo la kuseri kwa holo, banja limatsika, iwo amatsala mkati kumvera mpira pawailesi mpaka titaweruka. Mkulu wa gulu limeneli anali a Kachale. Ankagwira ntchito yonyamula katundu ndi kagalimoto ka mafoloko m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu za kunja kwa tauni. Anali munthu wanthabwala, wokonda botolo, ndipo chibwerereni ku England sanapondepo m'tchalitchi. Akazi awo akawaopseza ndi moto ankati kuno kukuzizira, moto sangaukane. Ankatinso Mulungu akawafuna adiresi akuidziwa.

A Gasaidi akamaliza gawo lawo mu holo, nthawi ya maumboni ndi zolengeza, ankasowa. Poyamba tinkayesa apita kuchimbudzi monga nkhalamba. Kenako tinazindikira kuti amapita pabwalo paja, kugogoda pawindo la galimoto, n'kufunsa ngati mpando wakutsogolo uli ndi munthu. Ankalowa n'kukhala. Sankalalikira. Ankafunsa zigoli, ankadya mtedza wa eni galimoto, ankatsutsana nawo za oyimbira mpira. Mwezi uno galimoto iyi, mwezi wamawa ina, koma kawirikawiri ya a Kachale. Amayi ena ankadandaula kuti bishopu akulimbikitsa ulesi. Iwo ankayankha kuti nkhosa za mu holo zili ndi abusa okwanira, mwina ochuluka.

A Kachale anagwa kuntchito m'mawa wina m'nyengo yozizira. Unali mtima. Pofika nawo kuchipatala anali atapita kale.

Banja linagwirizana zoika maliro konkuno chifukwa cha ana. Mayi Kachale anaimbira abusa awo a ku Salford. Abusawo anabwera kusiwa tsiku lotsatira masana, nyumba itadzaza, amayi pansi pa kapeti, azibambo pamipando m'mbali mwa khoma. Analankhula mofatsa, ndipo ndikhulupirira ankanena zimene amakhulupiriradi. Anati kumanda apita, pemphero apereka, koma thupi silingalowe m'nyumba yopemphereramo, ndipo sanganamize anthu kuti malemu ali pabwino. Anati imfa imeneyi ikhale chenjezo kwa otsala.

Mayi Kachale sanatsutse. Akanatsutsa bwanji? Anali mawu awo omwe, amene anawalalikira kwa amuna awo pakhomo, m'galimoto ndi patebulo kwa zaka zonse za ukwati wawo. Anangokhala pakona, chitenje kumutu, akuyang'ana khoma. Chakudya anakana. Mwana wawo wamkazi anandinong'oneza kuti chimwalirireni bambo, mayi sakutha kuyatsa chitofu, akaona lawi la gasi amathawa m'khitchini.

Abusa atatuluka ndinapita kukatenga Abishopu. Nthawi imeneyo ankayendabe, ndi ndodo wamba. Analowa, anakana mpando umene tinawapatsa, natsika pang'onopang'ono, mawondo akulira, mpaka anakhala pansi pakati pa amayi, pafupi ndi namfedwa. Ndi Mayi Kachale amene anayamba, osawayang'ana.

"Abishopu, amuna anga ali kuti?"

Ndinkadziwa yankho limene munthuyu amakonda, ndipo ndinapemphera kuti lero lokha asalinene.

"Mayi, ndikufunseni kaye. A Kachale akabwera ataledzera, munkatani?"

"Ndinkawakalipira."

"Zimenezo msewu wonse ukudziwa. Chakudya?"

"Ndinkawasungira. Ndinkavundikira ndi mbale."

"Chitseko munawatsekerapo?"

"Kamodzi."

"Anagona panja?"

"Ayi. Kunkagwa chisanu. Ndinatsegula. Akanadwala chibayo munthu uja, chifuwa chake chinali chosalimba."

"Ndiye inu, Mayi Kachale, amene tonse muno timakuopani, amene ine bishopu ndikamva nsapato zanu ndimabisala, munalephera kumusiya munthu panja usiku umodzi. Mukufuna kundiuza kuti Mulungu ndi wouma mtima kuposa inu?"

Mayi wina anaseka mosafuna n'kudzitseka pakamwa. Wina anatsatira. Mayi Kachale anatembenuka, anawayang'ana Abishopu nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo inagwedezeka mwakuti sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Zinali zonse ziwiri. Anagwira mkono wa jekete la nkhalambayo n'kulira mokweza koyamba chichitikireni malirowo, ndipo amayi anayamba nyimbo. Kuwadzutsa pansi paja a Gasaidi kunafuna azibambo awiri.

Mwambo wa maliro unachitikira m'tchalitchi cha Angilikani chija, Abishopu atapempha wansembe wa pamalopo. Tikudikira pakhomo tinaona chinthu chimene sitinachionepo: a Gasaidi atavala zonse, mkanjo wagolide, chipewa chachitali, ndodo yaubusa itapukutidwa, ngakhale kuti kumutu kwake kunali kokandika ndi nthambi za maapozi. Anayenda kutsogolo kwa bokosi la munthu wa kagalimoto ka mafoloko monga amayendera kutsogolo kwa bokosi la nduna. Achibale ku Dedza ankaonera pafoni imene mphwake wa malemu anaigwira m'mwamba, ndipo tinamva mawu a gogo wina akufunsa kuchokera mufonimo ngati mwana wawo anali atakhala munthu wamkulu chotero ku Ulaya osawauza.

Abusa a ku Salford anabweranso, napempha kuti anenepo mawu. Tinkaganiza kuti Abishopu akana. Anawapatsa guwa. Abusa analalikira za moto mwamphamvu, ndipo pakati pa ulalikiwo kachipangizo kothandiza kumva ka m'khutu mwa Abishopu kanayamba kulira mluzu. Anakachotsa, anakaika m'thumba, nakhala modekha, akugwedeza mutu movomereza mawu amene sankawamva. Abusa atakhala pansi iwo anaimirira.

"Zikomo abusa. Inu mwanena za Mulungu. Ine za Mulungu ndimadziwa zochepa, choncho ndinena za a Kachale."

Anati a Kachale anali munthu wosamvetsa mpira ngakhale pang'ono, ndipo timu imene ankaikonda inali umboni wakuti anali ndi chikhulupiriro chachikulu pa zinthu zosaoneka. Anati mtedza wawo unali wamchere wambiri. Kenako ananena chinthu chimene tonse a mu holo sitinkachidziwa. Anati amayi akayamba nyimbo yotsekera, a Kachale ankatsitsa wailesi, ngakhale mpira utafika pouma, n'kutsegula windo ngakhale kukuzizira chotani. Ankamvetsera mpaka nyimbo ithe. Ndipo mwezi uliwonse ankanena mawu omwewo: "Mukuwamva akazi angawo? Akukoka nyimbo. Koma mawu ngati amenewo simungawapeze England yense."

"Ine sindikudziwa kuti kupemphera n'chiyani kwenikweni," anatero a Gasaidi. "Ndalemba mabuku, koma sindikudziwa. Koma munthu wotsegula windo m'chisanu kuti amve nyimbo ya Mulungu m'mawu a mkazi wake, ine sindingamutsekere chitseko. Ndipo sindikhulupirira kuti ndine wachifundo kuposa amene anandituma. Pitani bwino, aise."

Panja, anthu akukwera magalimoto kupita kumanda, Mayi Kachale anawaimitsa Abishopu pamasitepe. Maso anali otupa. Ndinali pafupi, ndikuwagwirira ndodo.

"Abishopu."

"Mayi."

"Ine sindikoka nyimbo."

"Mumakoka, mayi."

"Ndipo moto ulipo."

"Tikambirana mwezi wamawa."

Ku Salford sanapitenso, koma chiphunzitso chawo sanasinthe ngakhale pang'ono. Amakhulupirirabe za moto, wootcha. Kungoti mukawafunsa amene ali m'menemo, mayina amene kale ankawatchula mosavuta masiku ano sawapeza.

Maliro a Abishopu eni ake anali aakulu. Kunabwera mabishopu ndi zipewa zawo, aphunzitsi a m'mayunivesite, ndi anthu ena amene anakangana nawo moyo wonse ndipo tsopano ankawatamanda momasuka podziwa kuti sayankha. Analankhula za mabuku awo ndi kulimba mtima kwawo. Amayi athu anavala zitenje pamwamba pa majasi n'kuimba nyimbo imodzi, Mayi Kachale akutsogolera, ndipo anaikoka mpaka woyimba limba anataya njira n'kungopinda manja. Titatuluka, mwana wa malemu anandifunsa kuti azibambo aja ataimirira pafupi ndi magalimoto awo, atavala masuti, zipewa m'manja, ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani sanalowe. Ndinamuuza kuti ndi mpingo wa bambo ake. Mmodzi wa iwo, a Tembo a ku Chipata, anandiuza kuti anaganiza zolowa, koma anaona kuti Abishopu akanadabwa kwambiri.

Lamulungu lapitali linali loyamba la mwezi. Nthawi ya zolengeza ndinatuluka kukaima pabwalo la kuseri. Kunkawaza kamvula. Magalimoto anali pamzere monga mwa masiku onse, mainjini akulira pang'ono chifukwa cha hita yotenthetsa mkati, mawindo atachita nthunzi, mpira ukumveka chapansipansi. Palibe amene ankayenda pakati pawo. Ndinasuzumira m'galimoto ya a Tembo. Ndi galimoto ya munthu wa ana anayi, mipando yakumbuyo yodzaza majasi, zidole ndi mapepala a tchipisi. Koma mpando wakutsogolo unali woyera, wokankhidwira kumbuyo mpaka pamapeto, monga amachitira pokonzera munthu wa miyendo yaitali. Akazi awo a Tembo ndi aafupi. Pamwamba pa dashibodi panali kapaketi ka mtedza kosatsegula.

Chitseko cha holo chinatseguka ndipo Mayi Kachale anatuluka ndi thireyi ya makapu a tiyi, ambulera itapanikizidwa pakhosi. Anapita galimoto ndi galimoto, kugogoda pawindo, kupereka kapu. Atafika kwa a Tembo anawerama.

"Imwani, bambo. Kumene mukupitako kulibe tiyi."

"Zikomo amayi. Simukhalako pang'ono? Mvulatu iyi."

Mayi Kachale anayang'ana mpando uja. Anaima pamenepo, mvula ikugwera m'makapu otsala.

"Ayi," anatero. "Pali eni ake pamenepo."

Anawongoka n'kupita pagalimoto yotsatira.